Zala za Mayi Sosola

Ndinawaona koyamba ataimika nthenga m'mwamba, akuiunika kudzuwa monga timachitira ndi tambula pofuna kuona ngati yatsukika. Linali Lachinayi m'mawa, kushedi ya kuseri kwa msika kumene amapherako nkhuku. Azimayi anayi anakhala mozungulira mgolo wa madzi otentha, aliyense beseni lake pakati pa miyendo. Atatuwo ankangososola n'kumataya. Achinayi anali aafupi, ojintcha, atavala epuloni yapulasitiki ndi jombo zachimuna. Iwowa nkhuku iliyonse akailandira ankayamba azula nthenga imodzi ya kuphiko, kuipinda, kuiunika, kenako n'kumuuza mwini nkhuku za kunyumba kwake.

"Achimwene, iyi mumangoipatsa zotsala m'mbale eti? Taonani, ikuthyoka ngati bisiketi."

"Sosolani mayi, ine ndachedwa ku ntchito," anatero bambo amene anali patsogolo panga.

"Ndisosola. Koma mukawauze akunyumba kuti nkhuku si galu."

Anthu anaseka. Pamsikapo dzina lawo lenileni palibe ankalitchula. Aliyense ankangoti Mayi Sosola.

Ine ndinali kumapeto kwa mzere, dengu lili m'manja, nditalivundikira ndi thaulo. Sindinkafuna kuti anthu aone chimene chinali m'katimo. Inali nkhuku yakuda, imodzi mwa misoti khumi ndi inayi imene malemu amuna anga anandisiyira. Msana wake wonse unali pamtunda, wofiira psuu, khosi lili ngati la muimba. Zinzake kunyumba zinali chimodzimodzi. Alamu anga, akulu awo a malemu, amene timakhala nawo pabwalo limodzi, iwo nyumba yakutsogolo ine yakumbuyo, anali atagamula kale. Anati nkhukuzo zili ndi matenda, zipatsira nkhunda zawo, choncho mwezi ukamatha ziphedwe zonse ndipo khola liphwasulidwe. Ine sindinayankhe. Kuyankha si luso langa. Ndinangoganiza zoyamba ndekha ndi yakudayi, imene inali yoipitsitsa, kuti tsikulo likadzafika mtima udzakhale utazolowera.

Nthawi yanga itakwana ndinapereka dengu. Mayi Sosola anachotsa thaulo lija n'kuimba kamluzu.

"Mayi, mwabweretsa yososola kale? Mukufuna kutilanda ntchito?"

Anzawo aja anaseka chikhakhali. Ine ndinangoyang'ana zala zakumapazi. Koma iwo kuseka anasiya msanga. Anaitembenuza nkhukuyo, kuitambasula mapiko, kuuzira mpweya kunsi kwa phiko ndi kumchira, kuiyang'ana m'maso, kuikanula mlomo. Pomaliza anazula nthenga yaitali ija n'kuiimika kudzuwa.

"Utitiri palibe. Chimfine palibe. Maso ali bwinobwino. Iyi sikudwala, ili ndi njala."

"Ndimazipatsa katatu patsiku," ndinatero, mawu ali pansi.

"Sindinati m'mimba mulibe kanthu. Tabwerani kuno, weramani."

Ndinawerama. Chapakati pa nthengayo panali kamzere kopingasa, koonekera kuwala, ngati pamene nsalu yaperepeseka.

"Nthenga ikamamera imalemba zonse," anatero. "Kunsonga kuno ndi kumene inayambira, taonani kusalala kwake. Apa pali kamzerepa, masiku atatu kapena anayi sinadye. Kuchoka apa kutsika kumunsi yayamba kutuwa ndi kunyankhalala. Msoti uwu sunathe chaka, ndiye nthenga iyi inkamera miyezi itatu kapena inayi yapitayi. Kunyumba kwanu kunachitika chiyani?"

"Kunali maliro."

Mayi Sosola anabweza nkhuku m'dengu, anaivundikira okha ndi thaulo, kupisira m'mbali ngati akufunditsa khanda.

"Pepani, mayi. Mpeni wanga lero wabuntha. Mumakhala kuti? Lolemba masana sitigwira ntchito, ndibwera ndidzaone zinzakezo."

Malemu anali okonza makina osokera. Anali munthu wa timasikuluwu ndi timabotolo ta mafuta, chilichonse ndi muyezo wake. Nkhukuzo anazigula zili anapiye, miyezi inayi asanamwalire, ndipo chakudya chawo ankasakaniza okha Loweruka m'mawa, pathumba loyala kuseri kwa nyumba, ine ndikusita zovala. Tinakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma sindinawafunsepo kuti m'chakudyamo amaikamo chiyani. Iwo anali ndi zawo, ine zanga, ndipo tinkagwirizana. Atapita, anthu atabalalika, ndinalowa m'nyumba ndi sopo ndi burashi. Ndinakolopa masiku ambiri. Chilichonse chokhala ndi fungo ndinachitulutsa. Sindikudziwa chifukwa chake, koma manja akakhala m'madzi mtima unkakhalako m'malo.

Lolemba lija Mayi Sosola anafika atavala deresi yamaluwa, akununkhira sopo, moti ndinatsala pang'ono kuwafunsa kuti akufuna ndani. Ndinati nditeleke tiyi.

"Tiyi pambuyo. Tiyambe ndi anjala."

Khola ndinkachita nalo matama pang'ono. Malemu analimanga ndi waya ndi matabwa a makatoni a makina, ndipo ine ndinkalisamala ngati chipinda chochezera. Iwo anaima pakhomo, manja m'chiuno, maso pansi.

"Mumasesa kangati?"

"Tsiku lililonse."

"Mukasesa, nthenga mumapezamo zingati?"

Ndinaganiza kanthawi. "Sindipezamo."

"Nkhuku khumi ndi zinayi zili maliseche, pansi palibe nthenga ndi imodzi yomwe. Zovala zawo zikupita kuti, mayi?"

Anatembenuza ndowa n'kukhalapo, ine anandikokera njerwa. Anati tikhale phee. Sipanatenge nthawi. Nkhuku yofiira inayandikira inzake imene inkamwa madzi, inaiti psiti pamsana, kanthenga kali kukamwa, n'kumeza. Kenako inayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene waba shuga.

"Mwaona? Si nkhanza zimenezo. Ikufuna chimene m'chakudya mulibe, ndiye yapeza kuti mnzake wachivala kumsana. Tiyeni mundionetse zimene mumazipatsa."

Ndinawaonetsa thumba la chimanga chogayitsa, thumba la gaga, ndi kathumba ka soya wokazinga. Anapisa dzanja m'thumba lililonse, kununkhiza, mwinanso kulawa. Anafunsa kuti soya ndimathira wochuluka bwanji. Ndinati kadzanja kamodzi pa ndowa, kuti asathe msanga.

"Bambo ankathiranso chiyani?"

Apa ndiye ndinayamba kuulula ngati mwana wasukulu. Panali thumba la ufa wa nsomba, limene linkaitana amphaka a m'dera lonse. Ndinalitaya. Panali zibulumwa zakuda, zotsala za mpendadzuwa akafinya mafuta, zimene ndinkaziona ngati zaola. Ndinazikwirira pabedi la ndiwo zamasamba kuti zikhale manyowa.

"Masambawo akukula bwanji?"

"Akukula bwino kwambiri."

"Zoona, adya chakudya cha eni ake. China?"

Ndinawatengera kukashedi ka malemu. Pamwamba pa phaso, pamene mwana sangafike, panali chitini chimene ndinachikulunga m'majumbo atatu. Chinali ndi ufa woyera wonunkha ngati kabichi wogona m'poto. Pamwamba pake ndinali nditamata pepala n'kulembapo ndi bolopeni yofiira, zilembo zikuluzikulu: POIZONI WA MAKOSWE. Mayi Sosola kuwerenga kunkawavuta, choncho anandiuza kuti ndiwawerengere. Nditawerenga anatsegula chitinicho, kununkhiza kamodzi, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi pakhomo pa shediyo, misozi ili mbwembwembwe, akumenya ntchafu.

"Mayo ine! Mankhwala a nthenga muwaike kundende, chitseko katatu! Tachotsani pepala lanulo muwerenge zimene zili kunsi."

Ndinamatula. Kunsi kunali zolemba za kufakitale, tizilembo ting'onoting'ono. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma kuwerenga ndimatha. Ndinatchula pang'onopang'ono: metiyonini.

"Ameneyo! Ine zilembo zake sindizidziwa, koma fungo lake ngakhale mutandidzutsa kumanda."

M'chitinimo munali supuni imene malemu anaidula chigwiriro, n'kuipala ndi tupa m'mphepete kuti izitenga muyezo umodzimodzi. Nditaiona ndinatembenuka kuyang'ana kukhoma. Iwo ananamizira kuti akumanga mpango.

Kenako anandipempha machesi ndi chipeso changa. Anazula titsitsi totsalira m'chipesomo n'kutiwotcha. Anawotchanso nthenga yakuda ija, imene anabwera nayo m'chikwama.

"Nunkhizani. Zikusiyana?"

"Ayi."

"Ndi zinthu za pamtundu umodzi. Kusukulu anakuuzani za mapuloteni eti, zakudya zomanga thupi? Nthenga pafupifupi yonse ndi zimenezo. Koma mapuloteniwo ali ngati mkanda wa m'khosi, timikanda tamitundumitundu, amati maamino asidi. Chimanga chili ndi ena, ena chilibe okwanira. Soya ali ndi laisini wambiri, amene amathandizanso kuti nkhuku yakuda ikhalebe yakuda. Yanu ija yatuwa chifukwa cha kadzanja kanu kaumbomboko. Koma metiyonini mu soya ndi wochepa. Ameneyo amachuluka mu nsomba ndi mpendadzuwa, zomwe inu munadyetsa amphaka ndi masamba. Fungo mwamvali ndi lake, akuti muli salufa, ndiye amalimbitsa nthenga kuti ipindike osathyoka. Akachepa, thupi limagawa mokondera. Dzira lidye, mnofu udye, nthenga pomaliza. Nthenga ndi mwana wamasiye."

Atangotero anadzigwira pakamwa.

"Pakamwa panga apa! Mundikhululukire."

Ndinadzidabwa ndekha ndikuseka. Kanali koyamba chichitikire maliro.

Tiyi tinamwa dzuwa litapendeka, ndipo ndi pamene anayamba kundiuza za moyo wawo. Sindinafunse. Iwo safuna kufunsidwa. Anati anayamba ntchito ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pafamu yaikulu ya nkhuku zamazira, ntchito yake yosesa m'chipinda chosakanizira chakudya. Wosakanizayo anali mdala wa mphumu, wosakonda anthu, amene ankayankhula ndi matumba. Posesa ankamvetsera. Mdala uja atazindikira kuti mtsikanayu amatchula matumba onse ndi mphuno, anayamba kumutuma, kenako kumusiyira fosholo chifuwa chikamuthina. Anakhalako zaka khumi ndi chimodzi. Chaka china kunabwera bwana watsopano, wophunzira, wa tayi, amene anati tizitini ta ufa woyerato n'tosafunika, nkhuku zimadya chimanga.

"Miyezi iwiri yokha, mayi. Nkhuku zikwi zinayi zili buno bwamuswe, zikujomphana mpaka magazi. Ukalowa m'kholamo unkachita manyazi ngati walowa kubafa kwa eni ake. Bwana anaitana madokotala atatu. Mdala wanga anangotola kanthenga kamodzi n'kukaika patebulo la bwanayo."

Famuyo inadzatsekedwa patapita zaka, iwo n'kubwera kumsika. Anakwatiwapo kawiri. Woyamba anali wabwino koma anafa msanga. Wachiwiri, mwa mawu awo, anali tambala wa khola lililonse, ndipo anamutulutsira katundu panja mvula ikugwa. Analera ana awo atatu ndi awiri a mng'ono wawo, onse ndi zala zomwezo. Anandionetsa zalazo. Zinali zonenepa, zosalala ngati sopo wotha, mizere yonse inafufutika ndi madzi otentha. Anati atapita kukatenga chitupa, makina a zidindo za zala anawakana kasanu.

"Mtsikana wa pamakinapo akuti, mayi, makina akuti palibe munthu. Ine ndati, mwanawe, auze makinawo abwere kumsika adzaone amene amasosola nkhuku makumi asanu dzuwa lisanafike pamutu."

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti chibadwire sanawetepo nkhuku yawoyawo. Ankakhala m'chipinda cha lendi pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo eni nyumba sankalola ngakhale mphaka. Nkhuku zonse zimene zinadutsa m'manja mwawo zinali za eni, ndipo zambiri zinali zitafa kale.

"Ine ndimawerenga kalata mwini wake atapita," anatero. "Zanuzi ndiye zoyamba kuti ndiziyankhe."

Kuyambira tsiku limenelo Lolemba masana linakhala lathu. Anandiuza kumene amagulitsa ufa wa nsomba ndi zotsala za mpendadzuwa, ndipo anandiphunzitsa kusakaniza. Soya anachoka pa kadzanja kufika pa mbale zodzaza. Ufa woyera uja sathira mundowa mwachindunji. Umayamba wausakaniza ndi gaga wodzaza dzanja limodzi, ameneyo n'kumusakaniza ndi wodzaza mbale, wa m'mbaleyo n'kumuthira pamulu, kenako kutembenuza mulu wonse kasanu ndi kawiri, kuchoka ngodya iyi ya thumba kupita inayo. Apo ayi nkhuku imodzi idya wonse, zinzake osalawa. Ine ndinkawerenga muyezo pachitini, iwo ankayeza ndi maso, ndipo supuni ya malemu inkagwirizana ndi tonse awiri.

"Imodzi, yosadzaza mpaka phiri," ankatero. "Mukaonjezera poti mwazimvera chisoni, ndiye chidzakhaladi chimene munalemba papepala paja."

Anandipatsa dzina loti Mayi Chete. Ankati ine ndi nkhuku yofungatira, yongoyang'ana. Ankayankhula okha ola lathunthu, kenako n'kunena kuti, "Tacheza bwino lero," ndipo zinali zoona.

Patatha sabata ndi theka ndinapeza kanthenga kamodzi pansi posesa. Ndinakatola n'kukasunga m'kabati ya mbale. Kujomphana kunachepa. Koma maonekedwe ndiye anaipiraipira. Pamisana yofiira ija panatuluka timinga totuwa, tosongoka, tothithikana, moti nkhuku zinkaoneka ngati anungu. Alamu akamapita kumpopi ankadutsa chapatali atagwira mphuno.

Alamu si munthu woipa. Anayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo amakhulupirira kuti chinthu chikakhala ndi tsiku lake chichitike tsiku lomwelo. Ndiwo anayendetsa zonse za maliro, ndiwonso anakonza denga langa mvula isanayambe. Nkhunda zawo makumi awiri amazidziwa iliyonse ndi khalidwe lake. Mutu wawo ndi dazi lokhalokha, losalala, ndipo amalipukuta ndi kampango akamaganiza.

Mwezi unatha Lolemba. Masana anabwera kuseri ndi mpeni, thabwa ndi hamala yophwasulira khola. Anatipeza tikutembenuza mulu wa chakudya.

"Mlamu, tsiku lija ndi lero," anatero mwaulemu. "Musadandaule, ndichita ndekha. Inu lowani m'nyumba."

Mayi Sosola anaimika fosholo.

"Awa ndiye alamu aja? Mwaswera bwanji, bambo? Mpeniwo tauonetseni. Iii, ndi uwu mukufuna kuphera nkhuku khumi ndi zinayi? Zifa ndi ukalamba musanamalize."

"Mayi, nkhani iyi ndi ya pabanja. Nkhukuzi zikudwala. Onani zatuluka minga thupi lonse."

"Matenda ake ati?"

"Osadziwika. Koma chinthu sichingasosoke chonchi chili bwinobwino."

Mayi Sosola anayang'ana mutu wa alamu. Anauyang'ana nthawi yaitali, modekha, monga amayang'anira nthenga.

"Bambo, inu munasosoka liti? Alipo anakunolerani mpeni?"

Akazi awo a alamu, amene ankaanula zovala pachingwe, anabisa nkhope m'shiti, mapewa akugwedezeka. Alamu anatulutsa kampango kaja n'kupukuta dazi.

"Za nthabwala ayi. Nkhunda zanga zikafa, adzandibwezera ndani?"

Mayi Sosola anatembenuka. Anandiyang'ana ine, n'kuloza khola ndi chibwano. Ndinamva kuti apa afika pamene iwo sangandiyankhulire. Ndinalowa m'khola, ndinagwira yakuda ija, n'kubwera nayo kwa alamu.

"Alamu, tagwirani apa," ndinatero. "Musaope."

Anagwira ndi chala chimodzi.

"Iyi si minga ya matenda. Ndi nthenga zatsopano, zikadali m'zikwama zake. Taonani iyi yayamba kutseguka kunsonga." Ndinafikisa kamodzi pakati pa zala, kachikwama kanafumbutuka, ndipo kanthenga kakuda bii, konyezimira, kanatambasuka. "Sizinadwale. Ndine ndinazilakwira. Ndinataya zakudya zimene achimwene anu ankazipatsa, poti zinkanunkha. Nkhunda zanu zakhala nazo pabwalo limodzi miyezi inayi. Yafapo ingati?"

"Palibe," anayankha akazi awo kuchokera kuchingwe.

"Ndafunsa iwe ngati?" anatero alamu, koma mawu anali atafewa.

Ndinazulanso nthenga ina yakale ya kuphiko n'kuwaonetsa kamzere kofanana ndi kaja. Ndinawauza kuti awa ndi masiku amene tonse tinali pamaliro, palibe anakumbuka khola. Anaitenga, anaiimika kudzuwa monga ndinawauzira, ndipo anakhala choncho kanthawi.

"Mng'ono wanga ankazikonda nkhukuzi," anatero.

"Inenso ndikuzifuna, alamu. Zikhale."

Mawu amenewo ndi ochepa, koma pa moyo wanga sindinanenepo ochuluka choncho kwa munthu wamkulu. Alamu anakulunga mpeni m'nyuzipepala. Anati apereka mwezi wina umodzi kuti aone. Mayi Sosola anati mwezi ndi wokwana, ndipo ngati akufuna, kasupuni kena tikhoza kuwathirira m'tiyi, mwina kumutuko kungachitike chozizwitsa. Alamu anachoka akupukusa mutu, koma ndinawaona pakona ya nyumba akuseka okha.

Mwezi umenewo sunatchulidwenso. Misana inatsekeka. Nthenga zimene zinathyokera pakati, phesi lake litatsalira m'khungu, sizinasinthe msanga. Mayi Sosola anati zimenezo sizichira, zimadikira nyengo yoti nkhuku iyoyole zakale zonse. Zinaterodi. Itadutsa nyengo imeneyo yakuda ija inkachita kuwala mobiriwira dzuwa likaiomba, ndipo madzi a mvula ankangotsetsereka pamsana pake. Mazira anachuluka. Tsiku lina m'mawa ndinapeza alamu ataima pakhomo panga ndi nthenga ya nkhunda m'manja, akufunsa ngati mayi a kumsika aja angaione Lolemba.

Tinakhala choncho zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Ndinagula tambala, ndipo khola linakula. Lachinayi ndikapita kumsika ndinkadutsira kushedi, iwo n'kukuwa anthu onse akumva kuti, "Apatseni njira adokotala a makoswe!" Ndinazolowera. Nthawi zina ankandipatsa nthenga ya kasitomala kuti ndinene ndine, ndipo ndikalondola ankanyadira ngati ndine mwana wawo.

Kenako zala zija zinayamba kukana. Nyamakazi inalowa m'mfundo, moti m'mawa sizinkapindika mpaka ataziviika m'madzi ofunda. Nkhuku makumi asanu zinatsika kufika makumi awiri. Mwana wawo wamkulu, amene amagwira ntchito yowotcherera zitsulo kutauni ina yakutali, anati basi, abwere adzapume. Anakana miyezi itatu. Anavomera atamva kuti kuseri kwa nyumbayo kuli kabwalo.

Lolemba lomaliza anabwera ndi deresi yamaluwa yomwe ija. Sitinasakanize chakudya, ndinali nditasakaniza kale. Tinakhala pandowa ndi panjerwa, malo athu akale, tikuonerera nkhuku zikusamba fumbi. Anayankhula za mpongozi wawo amene amathira mchere wambiri, za basi imene inyamuke mawa m'mawa, za mtsikana amene watenga malo awo kushedi, yemwe akuti amasosola ngati akumenyana ndi nkhukuyo. Ine ndinamvetsera.

Pamene ankati azinyamuka ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa katoni yoboola m'mbali. Munali misoti iwiri, ana a yakuda ija, ndi kabotolo ka ufa woyera kamene ndinalembapo dzina lake lenileni. Alamu anali atapala supuni ina ndi tupa ya malemu, yofanana ndendende ndi yathu.

Mayi Sosola anatsegula katoni. Anatulutsa msoti umodzi n'kuuika pamiyendo. Dzanja lawo linapita lokha kuphiko, zala zitagwira kale nthenga yaitali kuti zizule. Anazindikira, analimenya ndi dzanja linalo.

"Iwe, chizolowezi! Izi ndi zamoyo, ndi zathu."

Anausisita msotiwo kuyambira kukhosi mpaka kumchira, kawiri, katatu, mosathamanga. Kenako anaubweza, anamanga katoni ndi chingwe, n'kuisenza pamutu. Anakana kuti ndiwanyamulire. Ndinawaperekeza mpaka pageti, pamene alamu anawagwira chanza ndi manja awiri, iwo n'kuwauza kuti azivala chipewa, dzuwa la masiku ano silimvera chisoni osowa nthenga. Tinayenda limodzi mpaka pakona pamene msewu wathu umakumana ndi waukulu. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawakonza kuyambira m'mawa, koma onse anatsalira pakhosi. Iwo anaona. Anandigwira pamkono ndi zala zosalala zija.

"Musavutike, Mayi Chete, ndamva. Koma ukhondo wanuwo muuchepetse. Mukamasesa m'kholamo muzisiyako nthenga ziwiri pansi, kuti ndikadzabwera ndidzawerenge mmene mwakhalira."